Nkhokwe ya osowa ya kuno kwa Santhe, monga ndimaionera ndili pachigayo

Kuno kwa Santhe, m'boma la Kasungu, kuli kagulu ka amayi ndi abambo kamene kamasonkhanitsa chakudya n'kumagawira nkhalamba, odwala matenda amgonagona ndi ana amasiye olerana okhaokha m'miyezi ya njala. Dzina la gululi ndilisiya, chifukwa zina zimene ndinene m'munsimu sizikoma, koma anthu kuno amangoti kunkhokwe. Ine ndimayendetsa chigayo pa tredingi pano, ndipo thumba lililonse la kunkhokweko limadutsa m'manja mwanga lisanasanduke ufa. Azakhali anga, amene maso anayamba kuwavuta, nawonso ali pamndandanda wa olandira.

Ndinene kale maganizo anga. Ndi ntchito yabwino, yoyendetsedwa ndi anthu osaba, ndipo kuyambira Disembala mpaka pakati pa Febuluwale azakhali sanabwerereko chimanjamanja. Koma nkhokweyi imafooka m'masabata amene njala imaluma kwenikweni, kumapeto kwa Febuluwale ndi kuchiyambi kwa Malichi, chimanga chili chiwisi m'munda. Anthu amadandaula za mzere, za mayina osiyidwa, za kuchepa kwa ndowa. Ine ndimati amene akufuna kuimvetsa nkhokweyi afunse kumene chakudya chake chimachokera ndi mwezi umene chimafika.

Kagawidwe kake n'kosavuta. Mayina amasankhidwa pabwalo la anyakwawa, komiti n'kuwalemba m'buku. Loweruka la kugawa, munthu amabwera ndi thumba lake, amamuyezera ufa, nthawi zina ndi kambale ka soya kapena nyemba ndi mchere pang'ono. Amene sangathe kuyenda amamutumizira pakabaza, ndipo anyamata a kabazawo salipiritsa. Ufa wina umapita kusukulu ya mkombaphala ya m'mudzimu. Sajambula anthu polandira, ndipo pa ichi chokha ndimawavulira chipewa.

Chimanga chochuluka chimachokera kumasika. Anthu akakolola, cha mu Meyi ndi Juni, banja lililonse limene lavomera limapereka ndowa imodzi ya chimanga chotonola kale. Amayi a Chigwirizano a mpingo wa CCAP amatolera kwawo, Akatolika amatolera m'miphakati, Asilamu a pa tredingi pano amabweretsa chawo, ndipo ngolo imazungulira m'midzi kunyamula. Amayi apampando akamayenda khomo ndi khomo amangoti, "Kupatsa ndi kuika, bambo," ndipo n'zovuta kuwakana ataima pakhomo panu, chimanga chili mbwee pamphasa.

Apa ndiye pamene ine ndimaona zimene komiti siona. Chimanga cha masika sichifanana. Pali opereka chouma gwa, choyera, chopetedwa bwino, choti ukachithira m'chigayo ngakhale kulira kwa makina kumasintha. Pali ena amene amasesa zotsalira za chaka chatha, chofumbwa kale, choti ukapisa dzanja limatuluka ndi fumbi, anankafumbwe akuyenderera pamkono. Ndipo pali achangu, amene amakolola msanga poopa akuba n'kupereka chimanga chisanaume. Choterechi ndiye choopsa kuposa chofumbwa, chifukwa chikasakanizidwa ndi chinzake m'thumba limodzi chimatenthetsa thumba lonse, kenako chimachita chuku. Alangizi a zaulimi amati chinyezi chisapitirire 13 peresenti posunga. Kunkhokwe kulibe makina oyezera chinyezi, koma njira ilipo yosafuna ndalama: kuthira njere zingapo ndi mchere wouma m'botolo louma, kukhutchumula, ndipo mchere ukakakamira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho chikufunanso dzuwa. Ine ndimangoluma njere. Ikasweka ndi phokoso, chauma. Amayi olandira masika amachita manyazi kubweza ndowa ya munthu amene wapereka mwaufulu, ndipo manyazi amenewa amawonongetsa matumba chaka chilichonse. Sindikuti azibweza. Ndikuti aziika chachinyezi pambali, achiyanike, ndipo chofumbwa chizigayidwa koyamba.

Mtundu wa mbewu nawonso umaoneka pachigayo. Chimanga chamakolo n'cholimba, nankafumbwe amavutika kuchiboola, ndipo chimakonoleka bwino osaphwanyika. Chahaibulidi chambiri chimabereka kwambiri koma n'chofewa. N'chifukwa chake akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH18 mu 1990, haibulidi wa njere zolimba zoti amayi akonole mumtondo osalira. Lero m'thumba limodzi la kunkhokwe mumapezeka chamakolo, Kanyani, Njobvu ndi china chobwereza kubzala, zonse pamodzi. Thumba lotere silisungika mofanana, chofewa chimayamba kudyedwa china chikadali bwino.

Komiti inaganiza zoti chonsecho chizigayidwa mgaiwa. Nkhalamba zina zinanyinyirika, azakhali anga ali m'gulu lomwelo, akuti mgaiwa ndi nsima ya ana a sukulu yogonera komweko. Koma ine, amene ndingapindule akamakonoletsa, ndikuti komiti inakhoza. Thumba lokonola, loviika n'kuyanika limabwerera kunyumba litapepuka moonekeratu, chakudya chenicheni chitatsalira m'madeya. Mgaiwa umafika kwa anthu wonse ndipo umakhalitsa m'mimba. Kwa odwala okha amene mgaiwa umawavuta ndi pamene amandipempha ndikonole pang'ono.

Gwero lachiwiri ndi munda wa gulu. Malo anapereka a Gulupu, kufupi ndi dambo, ndipo mamembala amalima mosinthana. Poyamba ankabzala chimanga chokhachokha, koma feteleza anawagonjetsa. Wotsika mtengo wa AIP, ndondomeko imene inayamba mu 2020, ankagula munthu ndi chiphaso chake chaunzika, osati gulu, ndipo wa m'sitolo anathawa anthu kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tsopano gawo lalikulu amabzala soya ndi mtedza, mbewu zosalira feteleza, ndipo kagawo ka chimanga amathira manyowa a Mbeya. Amasakaniza madeya, phulusa, ndowe za nkhuku kapena mbuzi, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Madeyawo ndimapereka ine, ndiye chopereka changa. Chimanga chake sichifika pa cha feteleza wokwanira, koma sichichititsa manyazi.

Chimene chimandidandaulitsa pamundawu ndi nthawi yopalira. Mu Disembala ndi Januwale aliyense ali pamunda wake kapena paganyu, ndipo munda wa gulu umapaliridwa pomaliza, udzu utakula. Amene amabwera mokhulupirika ndi amayi omwewo a tsiku ndi tsiku. Abambo timaoneka pokolola.

Soya wamumundawu ndi amene amapulumutsa ana. Amamukazinga, n'kumusakaniza ndi chimanga, muyezo umodzi wa soya pa miyezo inayi ya chimanga, ine n'kugaya. Ndi phala lofanana ndi Likuni Phala, lija linayambira ku mishoni ya Likuni kufupi ndi Lilongwe. Akawonjezera nsinjiro limakoma kwambiri, ndipo ana a mkombaphala amanyambita mbale. Pamtedza pokha ndili ndi chenjezo. Anthu kuno ndi ku Mchinji, kumene mtedza ndi chuma, ali ndi chizolowezi chowaza madzi pamakoko kuti asavutike posenda. Madzi amenewo ndi amene amaitana chuku, ndipo poizoni wa chuku satha ndi kukazinga kapena kuphika. Amawononga chiwindi ndipo amapinimbiritsa ana. Mtedza wa m'munda wa gulu amausamala, koma woperekedwa ndi anthu nthawi zambiri umakhala wosankhidwa kale: wabwino wapita kwa venda, wofota ndi wothimbirira wabwera kunkhokwe. Umenewo sindilola kuuthira m'phala la ana, ngakhale amayi ena amandiona ngati wovuta.

Ndifike pa ndalama, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ana a m'mudzi muno amene ali ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Joni ali ndi gulu la pa WhatsApp, ndipo amatumiza kudzera pa Airtel Money, Mpamba kapena Mukuru. Si anthu ouma manja, ayi. Vuto ndi mwezi. Mu Meyi ndi Juni, chimanga chili chotchipa, mavenda atapachika masikelo pansi pa mtengo uliwonse, pagulupo pamakhala zii, kapena nkhani za mpira. Ndalama zimayamba kulowa mu Januwale, wina akalemba kuti agogo akuti agona ndi njala masiku awiri. Pamenepo msungichuma amapita kukagula chimanga chomwe chija chinachoka m'mudzi muno pangolo mu Juni, tsopano pamtengo wa venda. Mu 2024 boma linaika K650 pa kilo ngati mtengo wotsikitsitsa wogulira chimanga kwa mlimi. Pofika Febuluwale 2025 mtengo wa pamsika unali utapitirira kuwirikiza kawiri. Ndalama yomweyo, matumba theka. Kuli ngati kufolera nyumba mvula itayamba kale kugwa.

Amayi apampando ndinawauza nkhaniyi atabwera kudzagayitsa. Ndinati, "Amayi, bwanji osawapempha ana aja mu Epulo?" Iwo anaseka n'kuti, "Bambo achigayo, mu Epulo ndiwauza kuti ndani ali ndi njala? Aliyense akukukuta mondokwa." Akunena zoona, munthu amatsegula chikwama akamva kulira. Koma komiti yabwino imayenera kuphunzitsa opereka ake, ndipo pamenepa iyi sinalimbikire. Alimi a fodya nawonso ali ndi ndalama nthawi yomweyo yoyenera, chifukwa msika wa Chinkhoma uli pafupi ndipo malonda amayenda m'miyezi yomwe chimanga chili chotchipa. Owerengeka amakumbukira nkhokwe akalandira, ndipo amene amatero amapereka mowolowa manja. Ambiri palibe amene amawafikira mpaka ndalama zitathera pamalata ndi njinga zamoto.

Eni sitolo a pa tredingi amaponyamo mchere, shuga, sopo, nthawi zina mapaketi a soya pisesi. Zimathandiza, makamaka mchere, umene nkhalamba zimausowa osanena. Koma katundu wina amabwera chifukwa tsiku lake latsala pang'ono kutha, ndipo kunabwerapo katoni ya mafuta ophikira imene inali itadutsa kale. Amayi analandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Kuyambira pamenepo mlembi amawerenga madeti pamaso pa wopereka, ndipo sitolo ija sinaperekenso. Esiteti ina ya fodya imatumiza matumba angapo chaka chimene yafuna, popanda lonjezo, choncho sungawerengere.

Anthu ambiri, ngakhale olandira omwe, amaganiza kuti kumbuyo kwa nkhokweyi kuli boma kapena azungu, ndipo chakudya chikachepa amati komiti yadya. Kunena zoona, palibe thumba la boma limene linalowapo m'nyumba imeneyi. Chimanga cha boma chili ndi njira yakeyake. Komiti ya MVAC imawerengera anthu amene asowe chakudya, bungwe la NFRA, limene lili ndi nkhokwe zikuluzikulu zija za ku Kanengo, limatulutsa chimanga, ndipo nthambi ya DoDMA imagawa kudzera ku khonsolo, thumba la makilogalamu 50 pabanja. Chaka cha ng'amba ya El Niño, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza pa 23 Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo MVAC inati anthu 5.7 miliyoni afunika thandizo kuyambira Okutobala 2024 mpaka Malichi 2025. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira kwa anansi athu ku Mchinji mu 2006, nazonso zili ndi kaundula wake. Zonsezi zimakhudza nkhokwe yathu mwanjira imodzi yokha: amene walandira thumba la boma mwezi umenewo amadumphidwa kuti mnzake apeze. Lamuloli n'lanzeru papepala. Koma aliyense kuno akudziwa kuti thumba la boma likafika m'mudzi limagawidwa makomo angapo, ndipo gogo amene dzina lake linalembedwa amatsala ndi ndowa imodzi. Kumudumpha wotereyu ndi kumulanga kawiri. Komiti izifunsa chimene chatsala m'nyumba, osati chimene chinalembedwa.

Andale amabwera nyengo yawo. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chisanachitike, wina wofuna mpando anabweretsa ufa m'timatumba tolembedwa dzina lake, ndipo anafuna kuti nkhalamba zifole ajambulitse. Komiti inalandira ufawo, n'kuukhuthulira m'matumba ake, za kujambula inakana. Munthuyo sanabwererenso. Anthu ena anati amayi ataya mwayi. Ine ndinati achita bwino, chifukwa masika amatoleredwa kwa anthu a zipani zonse, ndipo nkhokwe ikangodziwika ndi nsalu ya mtundu umodzi theka la ndowa zija silidzabweranso.

Kukayikira chakudya chochokera kutali kuli ndi chiyambi chake. Amene anayambitsa gululi ndi anthu amene anaona 2002. Chimanga chosungidwa cha dziko chinali chitagulitsidwa, mvula inavuta, ndipo pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza za ngozi mu Febuluwale chaka chimenecho, kuno ku Kasungu anthu anali atayamba kale kufa. Matenanti othawa m'maesiteti ankayendayenda m'misewu ndi ana kumsana, ena ankadya zitsa za nthochi. Ine ndinali mnyamata wothandiza pachigayo, ndipo madeya amene lero ndimapereka kuti apangire manyowa, anthu ankawalimbirana ndi ndalama m'manja. Amene anaona zimenezo safuna kumva kuti dikirani lole ikubwera. Amafuna chimanga choti akhoza kupita kukachiona ndi maso. Ndimawamvetsa, koma pomwepa ndi pamene palinso kufooka kwa nkhokweyi: opereka ndi olandira amamwa mvula imodzi. Chaka chimene osowa achuluka ndi chaka chomwecho chimene ndowa za masika zachepa. Chaka chokolola bwino nyumba imadzaza mpaka kudenga olandira ali ochepa, ndipo chotsala amachigulitsa kapena kuchigawa msanga poopa kuti chifumbwa. Akanatha kuwolotsa chimanga cha chaka chabwino kufikira chaka choipa, bwenzi tikunena zina.

Ndiye nkhani ya kasungidwe si yaing'ono. Matumba a PICS, amene anapangidwa ku yunivesite ya Purdue ku America, ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba wamba kunja. Ukamanga bwino mpweya sulowa, nankafumbwe amafera momwemo, ndipo suthira mankhwala. Gululi lili nawo ochepa, ndipo chimanga chotuluka m'menemo mu Febuluwale chimakhala ngati chakololedwa dzulo. Chotsalacho chili m'matumba wamba chothira Actellic, ndipo chimenecho pofika Januwale ndimachizindikira ndi fungo chisanatsitsidwe pangolo. Nyumba yosungiramo ndi kachipinda kobwereka, malata ake amadontha pakona, makoswe amalowera pansi pa chitseko, ndipo khoswe akangoboola thumba la PICS ntchito yake yatha. Matumba amawasanja pamitengo kuti asakhudze pansi, izi amachita bwino.

Pa chilungamo ndilibe nawo mlandu. Chitseko chili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu a mipingo yosiyana, ndipo matumba amene mlembi amalemba kuti apita kuchigayo amafanana ndi amene ine ndimawerenga. Koma bukulo amaliona ndi a komiti okha. Bwenzi atamata pakhoma pepala losonyeza ndowa zimene zalowa kuchokera kumudzi uliwonse ndi ndalama zimene zabwera pafoni, miseche ija ikanatha yokha, ndipo midzi ikanayamba kupikisana. Muyezo nawonso aukonze. Ndowa imene amayezera pogawa ndi yopindika m'mbali, ndipo ufa wa woyamba pamzere sufanana ndi wa womaliza, dzanja la woyeza likayamba kuopa kuti sukwanira. Sikelo imodzi ingathetse zimenezi.

Ndiwo ndiye palibe. Ufa umabwera, koma nyemba zimatha mu Januwale, ndipo usipa kapena matemba sizinaonekepo. Azakhali amadyera chisoso ndi nkhwani za kuseri kwa nyumba, zimene nyengo ya mvula sizisowa, koma wodwala amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku amafunika zoposa pamenepo. Opereka amaganiza za chimanga basi, ngati kuti nsima imadyedwa yokha.

Kuchedwa kwa ufa nthawi zina ndi kwa ine, magetsi akazima tsiku logaya. Tinagwirizana kuti azibweretsa chimanga Lachinayi kuti pakhale tsiku lapadera.

Kwa amene ali ndi wachibale wokalamba mbali ino, mulembetseni kudzera kwa anyakwawa, adzalandiridwa mwaulemu, koma musungireni kanthu kena ka masabata omaliza a Febuluwale. Kwa inu a kutauni ndi a ku Joni amene mumafunsa choti mutumize: tumizani mu Meyi, ndipo nenani kuti ndi ya chimanga, nyemba kapena matumba a PICS. Zovala zakale ndi mabisiketi zikhale kaye. Alimi anzanga, nyemba ndi khobwe zimasowa kuposa chimanga, ndipo mbale imodzi ya nyemba zouma bwino imalandiridwa ndi nthungululu.

Za malata odontha aja, komiti yati igulitsa soya wa chaka chino kuti ifolere chipindacho. Ndikuona chifukwa chake, koma soya yemweyo ndi wa phala la ana, ndipo ndalama yake ndi imene ikanagula chimanga mu Juni. Ndawapempha kuti ayambe apita kwa alimi a fodya msika wa Chinkhoma usanatseke, malata asanu ndi limodzi si nkhani kwa munthu amene wagulitsa mabelo. Amayi apampando ati akaikamba pamsonkhano wa mwezi wamawa.